Manyuwo kapena otomatiki? Yambani mwafunsa msewu wanu ndi makaniko wanu

Tinali pa msewu wa Khwekhwerere, tikutsika kuchokera ku Dedza kulowera ku Golomoti, m'galimoto ya mlamu wanga imene inali itangofika kumene kuchokera ku Japan. Mapepala a kudoko anali adakali omata pa galasi. Titapyola makona angapo munayamba kumveka fungo ngati la mphika wopserera, ndipo ndinaona phazi la mlamu likulowa pansi kwambiri pa buleki kusiyana ndi poyamba. Mwamwayi tinapeza malo otambalala n'kuima. Ku matayala akutsogolo kunkatuluka utsi. Bambo wina amene ankagulitsa makala m'mbali mwa msewu anasendera pafupi, nasuzumira pa zenera, n'kuloza ndodo ya giya.

"Achimwene, phiri lonseli mwatsika pa D?"

"Eya bambo. Si ndi otomatiki? Imadziwa yokha."

Bamboyo anangopukusa mutu n'kubwerera ku matumba ake. M'munsi mwa D muja munali 2 ndi L, zimene mlamu anali asanazikhudzepo chigulire galimotoyo. Tinakhala pamenepo nthawi ndithu kudikira kuti mabuleki azizire, iye akudandaula kuti bola akanagula manyuwo, ine ndikumuuza kuti galimoto sinalakwe kanthu.

Mkangano umenewu ndaumva kambirimbiri, pa mizere ya mafuta, m'magalaja, ngakhale pa maliro anthu akamacheza kuseri kwa nyumba. Ena amati otomatiki ndi ya aulesi, ena amafika poti ndi ya azimayi, mawu amene sapirira kufunsidwa kawiri. Ena amati manyuwo ndi chikale. Chimene chimandivuta n'chakuti mbali zonse ziwiri zimayankhula ngati kuti otomatiki ndi chinthu chimodzi. Pansi pa dzina limeneli pali makina osiyana anayi kapena asanu, ena olimba ngati mtondo, ena ofuna kuwasamala ngati dzira, ndipo wogulitsa galimoto sakuuzani kuti yanuyo ndi iti pokhapokha mutafunsa.

Kuti ma otomatiki achuluke chonchi m'misewu yathu sikuti Amalawi tinakhala pansi n'kusankha. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene timagula ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, dziko limene amayenda kumanzere ngati ife, chiwongolero chili kumanja. Kumeneko pafupifupi galimoto iliyonse yatsopano ya banja imatuluka ili otomatiki, moti kuyambira 1991 anakhazikitsa laisensi ya otomatiki yokha. Zimene Ajapani anagula zaka khumi zapitazo ndi zimene zikutsika pa doko la Dar es Salaam lero n'kudzalowera pa Songwe. Probox, imene kale unkaipeza ya manyuwo mosavuta, kuyambira 2014 imangotuluka ya otomatiki ya mtundu wa CVT. Choncho wofuna kagalimoto ka manyuwo masiku ano amachita kusaka, ndipo nthawi zambiri amakapeza pa zimene zachokera ku South Africa kapena ku Britain.

Manyuwo

Manyuwo ndi makina osabisa mawu. Pakati pa injini ndi giyabokosi pali kilachi, mbale yokhala ndi zikanda zonga za buleki, imene imapanidwa mwamphamvu ku gudumu lolemera la injini lija amati flywheel. Ukaponda pedulo ya kumanzere mbaleyo imalekana ndi injini, iwe n'kulowetsa giya imene ukufuna. Ukamasula phazi imagwiranso. Basi. Mulibe pampu, mulibe kompyuta yoganizira magiya, ndipo oyilo wake amangofunika kuti mano a zitsulo asakhulane.

Ubwino wake waukulu suli pa chiwongolero, uli ku galaja. Makaniko aliyense wodziwa ntchito, kaya ku Biwi, ku Ndirande, kapena pansi pa mtengo wa mango pa Jenda, akhoza kutsitsa giyabokosi, kusintha mbale ya kilachi ndi chitsulo choipana chija amati pressure plate, n'kukubwezerani galimoto tsiku lomwelo kapena mawa lake. Komanso manyuwo imachenjeza isanafe. Kilachi ikayamba kutha mumamva injini ikulira kwambiri pa chitunda galimoto osathamanga, ndipo mukhoza kuyenda nayo choncho masabata angapo mukusonkhanitsa ndalama.

Palinso nkhani ya batire. Aliyense amene anagonapo kumudzi pa maliro, wailesi ya m'galimoto italira usiku wonse, akudziwa mmene zimakhalira m'mawa: utembenuza kiyi, imangoti "tche tche". Ikakhala manyuwo umaitana anyamata anayi, kulowetsa giya yachiwiri, kuponda kilachi, iwo n'kukankha, ndipo ikatenga liwiro umamasula phazi injini n'kudzuka. Pamagalimoto a masiku ano batire liyenera kukhala ndi kamoto pang'ono koti pampu ya mafuta ndi kompyuta zigwire ntchito, koma kawirikawiri kamakhalapo. Otomatiki mungaikankhe mpaka ku Mchinji, siilira. Imafuna mawaya ndi galimoto ina, kapena batire lobwereka.

Kuipa kwa manyuwo kumaoneka m'tauni. Yesani kuwoloka mlatho wa Lilongwe ku Old Town madzulo anthu akuweruka, kapena kukwera msewu wa Masauko Chipembere kulowera ku Limbe mvula itagwa. Ponda, lowetsa, masula, ima. Ponda, lowetsa, masula, ima. Pofika kunyumba bondo lakumanzere limakhala likudandaula. Ndipo n'komweko kumene kilachi imathera msanga, makamaka kwa oyendetsa amene amagoneka phazi pa pedulo kapena kuimitsa galimoto pa chitunda ndi kilachi m'malo mokoka handibuleki. Kwa munthu wodwala bondo kapena msana, kapena wachikulire amene wayamba kuyendetsa mochedwa, nkhaniyi si yaing'ono.

Otomatiki yachikale, ya torque converter

Iyi ndiyo imene anthu ambiri amaganiza akamva mawu oti otomatiki. Mbiri yake ndi yaitali: kampani ya General Motors ku America inayamba kugulitsa Hydra-Matic m'magalimoto a Oldsmobile a 1940, ndipo kuchokera pamenepo amisiri akhala akuikonza zaka zoposa makumi asanu ndi atatu. M'malo mwa kilachi muli torque converter, chinthu chonga mafani awiri oyang'anizana m'chitini chodzaza oyilo. Injini ikazunguza fani imodzi, oyilo amakankha inzakeyo. N'chifukwa chake mukhoza kuima pa maloboti giya ili pa D injini osazima. Magiya enieni alimo, anayi m'magalimoto akale, asanu ndi limodzi kapena kuposa m'atsopano, ndipo mumawamva akusintha.

Mtundu umenewu mumaupeza mu Corolla zakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mu Passo yoyamba ija ya 2004, mu Mark X, mu Demio ya kuyambira 2014, komanso mu Hilux ndi Prado za otomatiki. Mwa ma otomatiki onse, iyi ndiyo imene ndingaikhulupirire pa msewu wa kwathu kuno. Imapirira kutentha, imapirira katundu, ndipo ikapatsidwa oyilo woyenera pa nthawi yake imatha kukalamba limodzi ndi injini. Amakaniko athu anaizoloweranso. Chilema chake ndi ludzu: ya magiya anayi ija imamwa mafuta ochulukirapo poyerekeza ndi manyuwo ya injini yofanana, makamaka m'tauni.

CVT, imene yadzaza m'misewu

Apa ndiye pofunika kukhazikika, chifukwa ambiri amene amati "ndagula otomatiki" agula CVT osadziwa. Vitz ya kuyambira 2005, Axio ndi Fielder za kuyambira 2006, Passo ya 2010, March ya 2010, Note, Fit zambiri, Sienta: mndandanda ndi wautali. Ngakhale pa galimoto ya dzina limodzi pamakhala kusiyana. Sienta yoyamba ija, imene yasanduka takisi m'maboma ambiri, yokoka ndi matayala akutsogolo ili ndi CVT, pamene ya 4WD, yokoka ndi matayala onse anayi, ili ndi otomatiki yachikale ya magiya anayi. Kunja zimaoneka chimodzimodzi.

CVT ilibe magiya oti n'kuwawerenga. Muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri amene amatha kufutukuka ndi kufinyika, ndiye liwiro limangokwera mosalala popanda kudumpha. Nzeru imeneyi inayamba kuonekera m'kagalimoto ka DAF ka ku Netherlands mu 1958, koma ndi makampani a ku Japan amene anaifalitsa. Pa mafuta ndi yabwino zedi. Imasunga injini pa liwiro limene imamwa pang'ono, moti nthawi zambiri imafanana ndi manyuwo kapena kuiposa. Ukaponda moto injini imalira mokweza galimoto n'kumatsatira pambuyo, zimene zimadabwitsa amene anazolowera manyuwo mpaka kuganiza kuti kilachi ikuterereka. Ndi chibadwa chake.

Koma mphamvu yonse ya injini imadutsa pa lamba amene wangopanidwa ndi mapule, ndipo chimene chimamuteteza kuti asaterereke ndi oyilo. Adani ake ndi atatu: kutentha, katundu wopyola muyeso, ndi oyilo wolakwika. Sienta inapangidwira anthu asanu ndi awiri. Ikanyamula khumi ndi awiri, matumba a chimanga pamwamba, n'kumakwera zitunda tsiku ndi tsiku, lamba uja amakhala akulipira ngongole imene mwini galimoto adzaiona mtsogolo.

Za oyilo ndinaphunzira ndi thumba langa. Ndinali ndi kagalimoto ka CVT kamene ndinakapititsa ku galaja ina kuti akasinthe oyilo wa injini. Mnyamata wa pamenepo, mwaulemu wake wonse, anandiuza kuti, "Bwana, wa giyabokosi nayenso wada, tingosinthiratu." Ndinavomera. Anathira oyilo wofiira wa otomatiki wamba, wa m'chigubu chachikulu chimene ankathira m'galimoto iliyonse. Sabata yoyamba zonse zinali bwino. Kenako kanayamba kunjenjemera ponyamuka, ngati munthu wa malungo, ndipo mwezi usanathe kanayamba kulira ngati mluzu pa chitunda. Makaniko wachiwiri atatsitsa chitini cha pansi pa giyabokosi anandionetsa maginito ake atadzaza tizitsulo ngati ufa wa mgaiwa. Ndinalibe woti ndimuloze chala, poti ndinavomera ndekha osafunsa kuti akuthira chiyani. Safunsa anadya phula.

CVT iliyonse ili ndi oyilo wakewake. Toyota amalemba TC kapena FE, Nissan NS-2 kapena NS-3, Honda HMMF kapena HCF-2, malingana ndi chaka cha galimoto. Ngakhale otomatiki yachikale ya Toyota ili ndi T-IV ndi WS, zimene si zofanana. Dzinalo limalembedwa m'buku la galimoto, nthawi zina pa kandodo koyezera oyilo kapena pa chotsekera. Buku likakhala la Chijapani, zilembo ndi manambala amenewa amawerengeka ndithu. Kagulani nokha ku sitolo yodalirika, chigubu chosatsegula, n'kukaimirira pomwepo akuthira. Amakaniko osamala amalangiza kusintha pakati pa makilomita 40,000 ndi 60,000 kwa galimoto yoyenda m'fumbi ndi m'kutentha ngati kwathu kuno.

Ndipo CVT ikafa, kawirikawiri sitikonza, timasintha. Odziwa kuitsegula n'kuibwezeretsa bwino alipo ochepa, zida zake zam'kati n'zovuta kupeza, ndiye mapeto ake mumagula giyabokosi ya kaunjika yochotsedwa m'galimoto ina, imene mbiri yake simukuidziwa.

Zina zitatu

Pali ya makilachi awiri, imene Volkswagen amaitcha DSG ndipo anayamba kuigulitsa mu 2003. Mkati mwake ndi manyuwo, koma kilachi imodzi imagwira magiya 1, 3, 5 inayo 2, 4, 6, kompyuta n'kumasintha mwachangu kuposa dzanja la munthu aliyense. Pa msewu wotseguka ngati wa Lilongwe kupita ku Kasungu imakoma kwambiri ndipo simwa mafuta. Mumaipeza mu Golf, Polo ndi Audi, komanso mu Fit ya hybrid (yoyendera mafuta ndi magetsi) ya 2013, imene ku Japan anaiitanitsa kangapo kuti akakonze pulogalamu ya giyabokosi yake. Vuto lake n'lakuti ya makilachi ouma, ya magiya asanu ndi awiri ija, imadana ndi kukwawa pa mzere wa magalimoto, chifukwa kilachi imangokhalira kukhula n'kutentha. Ikadwala pamafunika makina oyezera ndi munthu wodziwa kuwawerenga. Wokhala ku Area 47 kapena ku Namiwawa akhoza kumupeza munthuyo. Wokhala ku Chitipa aganize kawiri.

Ina ndi AMT, imene Suzuki amaitcha AGS ndipo imapezeka mu Alto zina. Iyi ndi manyuwo yeniyeni ya kilachi imodzi, kungoti woponda kilachiyo ndi makina. Simwa mafuta, koma imagwedeza mutu posintha giya, ndipo pa chitunda imatha kubwerera m'mbuyo pang'ono ngati manyuwo. Sindinakumanepo ndi munthu amene anaikonda tsiku loyamba.

Yachitatu ndi ya ma hybrid a Toyota, Prius imene inayamba mu 1997 ndi Aqua ya 2011. Pa pepala amalemba e-CVT, dzina limene limaopseza anthu pachabe. Mulibe lamba. Muli mano achitsulo ochepa ndi mamota awiri a magetsi, ndipo ndi imodzi mwa magiyabokosi osavutavuta amene alipo. Nkhawa ya hybrid ili pa batire lalikulu lija likakalamba, komanso pa kufupika kwa galimotoyo pansi, osati pa magiya.

Msewu umene mumayenda

Tibwerere ku Khwekhwerere kuja. Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo ukawaponda osalekeza pa mtsetse wautali amatentha mpaka kusiya kugwira, oyilo wake nthawi zina n'kuwira. Woyendetsa manyuwo amadziwa mwachibadwa kuti potsika amalowetsa giya yachitatu kapena yachiwiri kuti injini igwire galimoto. Otomatiki imachitanso zomwezo, koma uyenera kuiuza. Pa yachikale pali 2 ndi L, ndi kabatani ka O/D m'mbali mwa ndodo. Pa CVT ndi hybrid pali S, B kapena L. Zina zili ndi + ndi −. Potsika Chiweta, potsika phiri la Zomba, potsika kulowera ku Chikwawa, kapena pa makona a Gorodi ochokera ku Livingstonia, lamulo ndi limodzi: giya imene mungakwerere phirilo ndi yomweyo yotsikira. Pa mfundo iyi manyuwo siiposa otomatiki kwenikweni. Imangomukakamiza woyendetsa kuganiza.

Chizolowezi china choipa, chimene ambiri tinatengera kwa madalaivala a minibasi, ndi choika giya pa fili, pa N paja, potsetsereka kuti tipulumutse mafuta. M'magalimoto a masiku ano kompyuta imadula mafuta yokha ukachotsa phazi pa moto galimoto ili m'giya, pamene pa fili injini imafunika mafuta kuti isazime. Ndiye palibe chimene wapulumutsa, wangotaya thandizo la injini n'kusenzetsa mabuleki mtolo wonse.

M'matope a dzinja anthu amakonda kunena kuti manyuwo ndiyo mfumu. Zoona zake zilipo: umatha kunyamuka ndi giya yachiwiri kuti matayala asazungulire pamodzimodzi, umatha kuigwedeza kutsogolo ndi m'mbuyo mpaka itatuluka. Kuchita zimenezi ndi CVT, kumenya D ndi R mobwerezabwereza matayala akupota, ndi njira yachidule yopitira ku galaja. Komabe pa mchenga wa kunyanja otomatiki yachikale imachita bwino, chifukwa mphamvu siduka posintha giya. Ndipo tinene chilungamo, chimene chimakutulutsa m'matope kwambiri ndi kutalika kwa galimoto pansi, matayala, ndi 4WD. Vitz ya manyuwo idzatitimira pamene Prado ya otomatiki yadutsa ikuimba nyimbo.

Madzi ndi nkhani ina. Otomatiki ya mtundu uliwonse ikamwa madzi powoloka mtsinje wosefukira, oyilo wake amasanduka ngati tiyi wamkaka, ndipo mukapitiriza kuyenda osasintha, zikanda zam'kati zimayamba kusupuka. Manyuwo nayo madzi saifuna, koma imakhululuka msanga.

Nanga ikafera panjira? Manyuwo mumamanga chingwe, kuika pa fili, mnzanu n'kukukokani. Otomatiki yambiri pampu yake ya oyilo imazungulira ndi injini, ndiye kuikoka mtunda wautali injini itazima, matayala okoka ali pansi, kumakhula zam'kati popanda oyilo. Imafuna kunyamulidwa pa lole. Mukafera pa Chikangawa usiku, kusiyana kumeneku kumakhala kwa ndalama zambiri.

Ndalama

Pogula, otomatiki yochokera ku Japan nthawi zambiri ndiyo yotsika mtengo, pa chifukwa chophweka choti zilipo zambiri. Pogulitsanso, kagalimoto ka otomatiki m'tauni sikachedwa kupeza mwini, poti ogula ambiri atsopano ndi imene akufuna. Pa mapikapu ndi maminibasi zinthu zimatembenuka: wogula Hilux yokanyamulira fodya kapena Hiace ya pa msewu amafunsa manyuwo.

Ndalama yeniyeni ili pa kukonza. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera nayo, kuyambira oyilo wa CVT mpaka giyabokosi yathunthu. Manyuwo imakudyerani pang'onopang'ono: kilachi pakapita zaka zingapo, mwina kabeyaringi. Otomatiki yosamalidwa ikhoza kutha zaka zambiri osakupemphani kanthu kupatula oyilo, koma tsiku limene idzapemphe idzapempha zambiri nthawi imodzi. Funso loti mudzifunse ndi lakuti, kodi giyabokosi itafa mwezi wamawa, ndingaipeze ndalamayo, kapena galimoto idzakhala pa mawe kuseri kwa nyumba nkhuku zikuikiramo mazira?

Pa mafuta, kusiyana pakati pa manyuwo ndi CVT ndi kochepa kuposa kusiyana pakati pa phazi lolemera ndi phazi lopepuka. Amene anagonapo pa mzere wa petulo m'zaka zapitazi n'kufuna kuti asadzagonenso kawirikawiri, ayang'ane hybrid, osati mkangano wa kilachi.

Laisensi

Apa maganizo anga ndi amodzi, ngakhale mutakhala kuti mudzagula otomatiki: phunzirani pa manyuwo. Wodziwa manyuwo amazolowera otomatiki tsiku limodzi. Chovuta chake chimangokhala phazi lakumanzere, limene limapita lokha kukasaka kilachi n'kupeza buleki, onse m'galimoto n'kugunda mitu. Mankhwala ake ndi kulipinda phazilo pansi pa mpando masiku oyamba. Koma wodziwa otomatiki yokha akapatsidwa manyuwo amayambiranso pa chiyambi.

Kwa ofuna ntchito yoyendetsa, nkhaniyi ndi ya nsima. Ma Land Cruiser ambiri a zipatala ndi mabungwe, mapikapu a m'maesiteti, malole ang'onoang'ono ndi maminibasi ndi a manyuwo. Abale amene ali ku South Africa ndi ku Britain asamale kwambiri: m'maiko awiriwa ukayesedwa mayeso pa otomatiki, laisensi yako imalembedwa kuti ndi ya otomatiki yokha, ndipo kuti uyendetse manyuwo uyenera kukayesedwanso. Ku Britain osankha otomatiki akuchulukirachulukirabe poona kuti magalimoto a magetsi, amene alibe magiya osintha, akuchuluka. Koma amene akuganiza zodzabwerera kumudzi n'kudzagula pikapu asadzitsekere khomo.

Tsono ndigule iti?

Ndikanakhala mphunzitsi kapena namwino wa m'tauni, woyenda pa tala kuchoka ku Area 25 kupita ku ntchito, kumudzi kawiri pa chaka, ndikanagula otomatiki osacheuka. Ndikanayamba kusaka yachikale ya torque converter kapena hybrid ya Toyota, kenako CVT ya makilomita ochepa, n'kuisintha oyilo sabata yomwe yafika. Ndikanakhala wa bizinesi yonyamula anthu kapena katundu, kapena wokhala kumene makaniko wa makina oyezera ali pa mtunda wa tsiku lathunthu, ndikanalimbana n'kupeza manyuwo ngakhale itakwererapo mtengo. Ya makilachi awiri ndikanaisiyira amene ali ndi galimoto yachiwiri pakhomo.

Koma mtundu wa giyabokosi ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo ndi galimoto yeniyeniyo imene yaima patsogolo panu, yopukutidwa bwino, matayala atapakidwa polishi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pitani m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa matenda ambiri a giyabokosi amabisala ikatentha. Ikakhala otomatiki, pondani buleki, lowetsani D, kenako R, mukuwerenga mumtima. Iyenera kugwira msanga ndi mofatsa. Ikachedwa, kapena ikagunda ngati wina waimenya kumbuyo, pali nkhani. Ngati ili ndi kandodo, sololani oyilo mupake pa pepala loyera n'kununkhiza. Wa otomatiki yachikale amakhala wofiira, wa CVT mtundu wake umasiyanasiyana, koma aliyense akada n'kumanunkha chopserera, bwezani kiyi. Mukatero itengereni pa chitunda chenicheni, osati kungozungulira pa malo ogulitsirapo, ndipo muzimitse wailesi kuti mumve kulira kulikonse.

Ikakhala manyuwo, onani pamene kilachi ikugwirira. Ikamagwira phazi litatsala pang'ono kuchoka pa pedulo, mbale yatha. Lowetsani giya yachinayi pa liwiro lochepa n'kuponda moto: injini ikakwera mawu galimoto osathamanga, ikuterereka. Sinthani mofulumira kuchoka pa yoyamba kupita pa yachiwiri ndi yachitatu mumve ngati ikukukuta mano, ndipo muchotse phazi pa moto mwadzidzidzi muone ngati giya ikutuluka yokha. Manambala a makilomita musawakhulupirire kwambiri. Yang'anani labala wa pa mapedulo ndi chikopa cha chiwongolero, izo sizinama.

Mukagula otomatiki, pali tizizolowezi tiwiri totchipa. Imani kaye galimoto iti zii musanachoke pa D kupita pa R. Ndipo poimika pa chitunda, kokani handibuleki kaye galimoto ikhazikike, kenako mulowetse P, chifukwa chimene chimagwira galimoto pa P ndi kachitsulo kakang'ono ngati chala.

Mlamu uja galimoto yake akadali nayo. Anasintha mabuleki akutsogolo ndi oyilo wake titangobwerako ku Mangochi ulendo umene uja. Mwezi wathawu tinadutsanso pa Khwekhwerere, ndipo tisanafike pa kona yoyamba ndinaona dzanja lake lakumanzere likutsitsa ndodo kufika pa 2, injini n'kuyamba kung'ung'udza. Malo a makala aja tinawadutsa osaima. Mlamu analiza hutala kawiri, koma pa matumba panali mnyamata wina amene anangotiyang'ana modabwa.